Dziwe la Kampingo

Kalekale, makolo athu asanawadziwe mapiri ano, mbumba ya Mkanthama inachoka kumpoto kudzafuna dziko la mvula. Wotsogolera anali Kampingo, mdzukulu wa Mkanthama, koma amene anasenza mphero ndi mtanga wa mbewu ya mapira ulendo wonsewo anali mlongo wake Nangondo.

Mwambo wawo unali wakuti akafika pamalo ankathira kamulu ka ufa patsinde pa mtengo wa mpoza; kukacha, ufawo ukapezeka uli chikhalire ndiye kuti mizimu yalola kuti amange, koma ukapezeka womwazika ankamanganso mitolo. Tsono paliponse ufa unkapezeka womwazika. Anasiya zigwa za nthaka yakuda bii ndi madambo osaphwa, ndipo chakudya chitatha, Kampingo analamula kuti ufa wa nsembe uzichokera mumtanga wa mbewu. Nangondo ankapera akukukuta mano, pakuti mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo ankadziwa kuti mbewu ikatha mbumba yonse idzagona ndi njala chaka chamawa.

Atafika patsinde pa phiri lina, mapira atangotsala pansi pa mtanga, Nangondo analawirira ku nkhuni. Podutsa pampoza anapeza tambala wa Kampingo, yemwe mwini wake ankamukonda kuposa adzukulu ake, akupalasa mosatekeseka ufa wa nsembe umene anathira dzulo lake. Mayiyo anamugwira miyendo nakamuponya pamaso pa mlongo wake.

"Alongo, mizimu yanu ija ndi iyi! Mapazi athu onse ang'ambika chifukwa cha nkhuku?"

Kampingo anamusisita tambalayo, nayankha modekha ngati munthu wanzeru: "Mlongo wanga, mizimu ikafuna kulankhula imatuma aliyense, ngakhale tambala. Perani ufa wina, tikayese tsidya lija."

Nangondo anapsa mtima. "Muzipita ndi tambala wanuyo, akakulimireni. Ine ndi mbewu yanga tafika!" Atatero ananyamula mphero naimenyetsa pathanthwe. Akuluakulu amanenetsa kuti mpheroyo inalowa m'mwala ngati m'matope, ndipo pomwe inalowerapo panatumphuka madzi ozizira amene anadzaza chigwembe chonse dzuwa lisanafike pamutu. Tsiku lomwelo Nangondo anafesa mapira ake otsala, osapempha chilolezo kwa munthu, ndipo zokolola za m'munda umenewo zinadyetsa mbumba yonse, ndi Kampingo yemwe.

Dziwelo lilipo mpaka lero, ndipo ngakhale m'chilala siliphwa. Madzi akadikha, mphero imaoneka pansi. Alendo amabwera kudzaliona, ndipo anthu a m'midzi yozungulira, amene onse ndi zidzukulu za Nangondo, amawalozera monyadira n'kuwauza kuti ili ndi Dziwe la Kampingo, mtsogoleri wanzeru amene anawapezera malo ano. Zimandiwawa pozilemba, koma ndi mmene lilili dzina lake.