Mwala wa Katsekaminga

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Katsekaminga, malume awo a agogo anu. Munthu wake ndewu! Pamowa ndewu, kudimba ndewu, ngakhale pamaliro ndewu. Atanyamuka wapansi kupita ku migodi ya ku Joni, mukuganiza kuti alipo amene analira? Anthu anangoti, "Tipumeko."

Kumgodiko kunalinso Matchaina. Mmodzi wa iwo, Liyangu, anali wowonda, wotsokomola, koma wodziwa kusema zilembo pamwala, luso limene anatengera kwa bambo ake.

Tsiku lina ali pansi, denga la mgodi linayamba kulira. Aliyense liwiro! Katsekaminga anapeza Liyangu patsogolo pake, n'kumukankha. Liyangu anakagwera kutali, miyala yonse n'kukhuthukira pamene panali Katsekaminga. Mtembo umene anafukula pamenepo unali wosazindikirika, ndipo anauika m'manda m'dzina la Katsekaminga.

Koma mwini wake sanafe. Anamutulutsira mbali ina anthu a gulu lina, ndipo anagona m'chipatala nthawi yaitali osadziwa ngakhale dzina lake. Atabwerera kukomboni akutsimphina, anzake anamwazika. "Mzukwa! Mzukwa!" Liyangu yekha anayandikira n'kumugwira patsaya. Kenaka anamutengera kumanda.

Ana inu, munthu kuona manda ake omwe! Panali mwala wosalala, wofika pachifuwa, zilembo zake zotsika kuchokera pamwamba ngati mizere ya mvula. Liyangu anali atayamba wazijambula ndi burashi, n'kumazisema Lamulungu lililonse mpaka zala zinachita matuza.

"Ukunena chiyani mwalawu?" anafunsa Katsekaminga m'chilapalapa, chinenero cha kumigodi.

Liyangu anawerenga akutsetsereka ndi chala: "Pano pagona munthu wa kunyanja ya kumpoto. Mawu ake anali moto, mtima wake madzi ozizira. Anapereka moyo wake kuti mlendo apone."

Katsekaminga anakhala pansi pafumbi. Chibadwire panalibe amene anamunenerapo chabwino.

"Bodza limenelo!" anakuwa. "Ndinakukankha chifukwa unanditsekera njira. Ndinkathawa ine! Uswe!"

Liyangu misozi inalengeza. Kenaka anati, "Kwathu miyala ya makolo yaima mibadwo yosawerengeka, ndipo ana amaphunzirapo kulemba. Sitiiswa. Mwalawu sindingausinthe, bwenzi langa. Koma iwe ukadali moyo."

Mwamva? Iwe ukadali moyo!

Katsekaminga anabwerera kuno mwendo uli wopindika. Tsiku limene analowa pakati pa anthu awiri omenyana n'kuwalekanitsa, amayi ena anagwetsa mtsuko. Atafolera nyumba ya mayi wamasiye, anthu anayamba kunong'onezana kuti wabwerayu si iye. Mkwiyo unkamubwererabe, inde unkabwera, koma ankaluma mano n'kunena chapansipansi kuti, "Mwala uja usaname." Chaka cha chigumula, ndi iyeyo, wopunduka yemweyo, amene analowa m'madzi n'kuvuula ana a mlongo wake. Mmodzi mwa anawo ndiye agogo anu.

Ndiye chifukwa chake pamtundu pathu, munthu akakutamanda ndi zabwino zimene sunazifikire, sutukumuka, komanso suthawa. Timati wakusenzetsa mwala wa Katsekaminga, ndipo umagwira ntchito mpaka mawuwo akhale oona.