Mfuti ya Mayi Opal

M'khitchini mwa a Merle Tackett, pamwamba pa kabati ya mbale, pankakhala mfuti yakale ya gudumu, yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Inali ya malemu mayi awo, a Opal, amene analera okha ana anayi pa famu ya m'mapiri a Ozark. Mayiwo ankayenda nayo m'thumba la epuloni popita kukhola, kuopa njoka. Chigwiriro chake chinali chobenthuka kumunsi, chifukwa tsiku lina hamala itasowa anakhomera nacho msomali wa mpanda. Pambali pake panali posalala, pomwe chala chawo chachikulu chinkakhala zaka zonsezo.

Mpingo utasankha a Merle kukhala mmodzi wa amuna olonda pakhomo la tchalitchi, anayamba kuinyamula Lamulungu lililonse. Lamulo la olondawo linali limodzi: mfuti isaoneke, ana angachite mantha. Koma ya a Opal inali yonenepa ngati mbatata, ndipo jekete inkatukuka m'chiuno.

"Merle, nkhuku wabisa m'jeketeyo ndi ya chopereka?" anafunsa a Boyd, mnzawo wa paubwana amene anali ndi sitolo ya mfuti m'tauni.

Amuna onse anaseka, a Merle nawonso anaseka, koma mawuwo anapita nawo kunyumba ngati chisoso chomata pa buluku.

Lachitatu anali kale kusitolo. A Boyd anatulutsa kamfuti kamakono, kopyapyala, kakuda bii, ka mtengo woti munthu ayambe wakhala pansi asanaumve. Anapita nako kuseri kwa sitolo kumene amayesera mfuti. A Boyd anaikamo zipolopolo, kukoka chapamwamba chake kuti choyamba chilowe, n'kuwapatsira. Zoona ziyenera kunenedwa: kamfutiko kanali kabwino. Zipolopolo zonse zinagwera pamodzi pachandamale, malo oti chikhatho n'kuphimba. Atakaika m'lamba n'kutsitsa malaya, anazungulira pagalasi kawiri osaona kanthu. Anakhala pampando, anawerama, analowa m'galimoto n'kutulukamo. Sikanawabaye m'nthiti.

A Boyd anati akasiya yakaleyo mtengo utsika. A Merle anati akaganiza, koma mtima unali utagula kale.

Akazi awo, a Nadine, anamva nkhaniyo akukanda ufa wa mabisiketi. Sanatsutse zogulazo. Anangoti ya mayi ikhale pakabati, sikupempha chakudya, ndiponso mwana wawo Tessa ankaiyembekezera. A Merle anayankha kuti chitsulo ndi chitsulo, mayi ali kumanda, sali m'mfuti.

"Chabwino, bambo," anatero a Nadine. "Koma mwayesa zonse ndi manja anuwo?"

"Ndawombera bokosi lathunthu la zipolopolo."

Tsiku lotsatira a Merle anakulunga mfuti ya mayi ija m'thaulo la mbale n'kukaisiya kwa a Boyd.

Chilimwe chonse zinthu zinayenda. Kamfutiko anabwera nako kali ndi chipolopolo kale, ndipo m'mene anakaikira m'lamba ndi m'mene kankatulukira. Patchalitchi nthabwala za nkhuku zinatha.

Kenako chisanu chinagwa. Loweruka lina a Merle anachotsa zipolopolo kuti akapukute, ndipo m'mawa mwake, atavala kale za kutchalitchi, anafuna kubwezeramo. Anagwira chapamwamba chija kuti akoke. Sichinasunthe. Zala zawo, zimene nyamakazi inazipinda ngati mizu, zinkaterera. Anazitenthetsa pa kapu ya khofi, n'kuyesanso, mpaka thukuta. Apo m'pamene anakumbukira kuti kuseri kwa sitolo kuja wokoka anali a Boyd, ulendo uliwonse. Ya mayi inalibe chokoka. Umangotsegula gudumu, kuikamo zipolopolo, n'kutseka.

A Nadine anapukuta manja, kutenga kamfutiko, kukoka kamodzi kuti khwatcha, n'kuwabwezera. Kuphwekako n'kumene kunawawa.

Patchalitchi tsiku limenelo a Merle sanamve ulaliki. Ataima pakhomo, dzanja linkapita lokha m'chiuno kukafuna pobenthuka paja, monga lilime limapitira pomwe panali dzino. Anakumbukira mayi awo akutsika kukhola m'mamawa, epuloni itapendekera mbali imodzi chifukwa cha kulemera, iwo ali kamnyamata akuponda m'mapazi awo pa mame. Kuyambira tsiku la maliro sanawasowepo chonchi.

Lolemba analawira kusitolo a Boyd asanatsegule n'komwe.

"Ndabwerera ya mayi, Boyd. Tchula mtengo uliwonse."

A Boyd anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Mdala, inapita mwezi wa Ogasiti. Ndinakaigulitsa ku chionetsero cha mfuti mumzinda wa Tulsa. Ukanandiuza kuti ndi ya a Opal, ndikanaibisa pansi pa kauntala."

"Unkaidziwa. Unadyapo mabisiketi awo kangati?"

"Mabisiketi ndikuwakumbukira. Mfuti sindinaiyang'anitsitse, Merle. Pepa."

A Boyd anaimbira foni amene anaigula. Iye anati anaisinthanitsa kale ndi munthu wina wodutsa, wa chipewa chofiira, dzina sanamufunse.

Pa chikondwerero cha pachaka chothokoza zokolola, Tessa anabwera ndi ana ake. Atatha kudya anaimirira pa zala n'kupapasa pamwamba pa kabati monga ankachitira ali mtsikana. Anapeza fumbi. Anayang'ana bambo ake, bambo ake anayang'ana mbale.

Masiku ano a Merle akupitabe kukalonda pakhomo la tchalitchi, ndipo Lamulungu m'mawa a Nadine ndiwo amakoka kamfuti kaja. Koma kukakhala chionetsero cha mfuti, kaya ku Tulsa kaya ku Fort Smith, mudzawapeza akuyenda pang'onopang'ono pakati pa matebulo. Zatsopano zonyezimira amangozidutsa. Akaona yakale ya gudumu amapempha kuigwira, n'kuitembenuza kuti aone kumunsi kwa chigwiriro. Ogulitsa amathamangira kuwatsimikizira kuti ilibe chilema chilichonse. Iwo amathokoza, n'kuibwezera patebulo mosamala, poti chimene akufuna n'chilemacho.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.