Nsalu ya Pamanda a Asiyatu

Tsiku limene anatseka nyumba ya mahule ya kuseri kwa msika wa Chiponde, Che Sanudi Mdoka anaseka mpaka kofia kugwa. Nkhondoyo anaitsogolera ndi iwo. Dzinja lonse anali pa ulendo, lero kupolisi, mawa kumizikiti ndi kumatchalitchi komwe, kudandaula kuti madalaivala a mathiraki asandutsa malowo bwalo la zonyansa. M'mawa umenewo loko anakhomedwa pachitseko anthu akuona. Amayi anaimba nthungululu, akabaza analiza mabelu a njinga, ndipo anyamata anawanyamula Che Sanudi m'mwamba ngati munthu wogoletsa chigoli.

Foni inalira asanawatsitse. Anali mayi wosamudziwa, wa mawu otsika, akuimba ali kuchipatala cha kuboma. Anati Asiyatu wamwalira, ndipo abale akapanda kubwera amuika ndi akaidi.

Asiyatu anali mlongo wawo, bere limodzi. Anachoka pamudzi banja lake litatha, ndipo ntchito imene anakaipeza m'mabala a m'tauni inali yodziwika kwa aliyense. Che Sanudi anasiya kalekale kutchula dzina lake.

Kunyumba sanadzereko. Anakwera njinga thukuta la chisangalalo lisanaume, ulendo kwa Shehe Mkwanda, Allah awachitire chisoni, mphunzitsi wokalamba amene theka la amuna a m'deralo anaphunzira Kurani pa mawondo ake. Anawapeza pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti.

"Asalamu alaikumu, Shehe!"

"Wa alaikumu salamu, Che Sanudi. Mwafika ngati mukuthawa njuchi. Khalani pansi."

"Zokhala ayi, Shehe, nkhani ndili nazo ziwiri. Yoyamba, nyumba ija taitseka! Loko wake chonchi!" Anakunga chibakera. "Mukanaona mmene amatulukira ndi zikwama pamutu! Mwini wake pakamwa yasa, ngati nsomba yapamsika!"

"Alihamudulillahi. Nthungululu zinamveka mpaka kuno. Nanga yachiwiri?"

Che Sanudi anayang'ana kumsewu. "Uja wamwalira."

"Uja ndani?"

"Mukumudziwa, Shehe."

"Ndimadziwa anthu ambiri, ndipo onse ali ndi mayina."

"Asiyatu."

Shehe anaika singano pansi nanena mawu amene timanena tikamva za imfa, akuti ndife a Allah ndipo kwa Iye tidzabwerera. Che Sanudi anawabwereza mothamanga, mtima uli kale pa zimene anadzera.

"Ndabwera kuti mundimasule, Shehe. Mulengeze mumzikiti kuti mkazi wotere saswaliridwa, sapemphereredwa, ndipo salowa m'manda a Asilamu. Taganizani! Lero andinyamula m'mwamba, mawa andione nditasenza jeneza la maliro a hule? Adzati Sanudi amasesa pabwalo pa eni, kwake kuli dzala. Madalaivala adzandiseka mpaka ku Mandimba! Amuike akaidiwo. Njirayo anaisankha yekha."

"Munamvapo kuti anatuluka m'Chisilamu?"

"Ayi. Koma ntchito yake..."

"Ntchito yake inali haramu, yoletsedwa. Pamenepo sititsutsana, ndipo loko wanu sindikumuchotsa. Koma ndiloleni ndikufunseni za maliro, pakuti inu mwaika anthu ambiri, ine ndakalamba, ndimaiwala. Mwamuna timamukulunga ndi nsalu zingati?"

"Zitatu."

"Mkazi?"

"Zisanu."

"Nanga pomutsitsira m'manda timatani?"

"Timatambasula nsalu ina pamwamba pa dzenje, anthu n'kugwira m'ngodya, kuti maso a amuna asamuone." Anayankha msangamsanga ngati mwana wa madrasa amene funso lamugwera pomwe analoweza.

"Asamuone chiyani, poti wakulungidwa kale kasanu?"

Che Sanudi nsaluyo anaigwirapo kambirimbiri, pa maliro a azakhali awo, a anansi, ngakhale a alendo, koma sanaganizepo za chifukwa chake.

"Ndi ulemu basi, Shehe. Ulemu wa munthu wamkazi."

"Mwayankha bwino. Tsono pogwira nsaluyo, munamvapo wina akufunsa kuti mayi ali pansiyu ankagona kuti?"

"Sindinamvepo."

"Inenso mabuku ndawerengako pang'ono, ndipo funso limenelo sindinalipezemo. Amuna amene ankapita kwa mlongo wanu ndi ambiri, ndipo si onse amayendetsa mathiraki. Ena akadzafa mudzawasenza nokha, mudzalimbirana ndi anzanu pogwira jeneza, ndipo palibe amene adzafike pakhonde pano ali wefuwefu kudzafunsa ngati n'zololedwa. Zaka zonsezi amuna akhala akumuvula Asiyatu. Wangotsala ndi tsiku limodzi loti amuna amufunditse, ndipo inu mukuti ine ndimulande."

Che Sanudi anakhala pansi, pamkeka wosatha kusoka uja. Kumsika kunkamvekabe mabelu ndi kukuwa, ndipo wina ankaimba nyimbo yotchula dzina lawo.

"Anthu adzayankhula, Shehe," anatero chapansipansi.

"Adzayankhula ndithu. Si awo akuyankhula kale? Lero akukuimbirani, mawa adzakunenani, mkuja adzapeza wina. Koma tsiku limene Allah adzafunse mudzi uno kuti Msilamu mnzanu munamusiyiranji osamusambitsa, osamuswalira, oimbawo sadzakuyankhirani. Machimo ake akawerenga ndi Mwini wake. Ife chathu ndi madzi, sanda, swala ndi dothi."

"Nanga anthu akakana kubwera? Nsalu ija ndidzaigwira ndekha?"

Shehe anatola singano yawo, naibaya m'mphepete mwa mkeka, nadzuka pang'onopang'ono atagwira mzati.

"Ngodya imodzi ndi yanga. Zitatu zinazo, Allah sasowa manja. Koma inu simudzagwira nsalu, Che Sanudi. Mkazi amalandiridwa m'dzenje ndi mbale wake wa magazi, ndipo bambo anu kulibe. Malo anu ndi pansi, kuti mumugoneke nokha nkhope italoza ku Kibula, mbali ya ku Maka. Nyamukani mukamutenge dzuwa lisanapendeke, ine ndikukauza okumba. Pafupi ndi manda a mayi anu malo alipo."