Madilowa a Esinati

Panali mmisiri wina wa matabwa, munthu wa mawu ochepa, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, Esinati. Mwanayo anapsa dzanja lamanja ali wakhanda, zala zinapindika, moti chilichonse ankagwira ndi lamanzere. Atapeza banja, bambo akewo anati amukhomera kabati ya mlombwa, ya madilowa anayi, yoti akalowe nayo m'nyumba yake.

Anaikhoma milungu itatu. Kunja anapaka vanishi katatu, mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Koma m'mbali mwa madilowa, ndi patimatabwa tomwe madilowawo amayendapo, anangosalaza n'kukwechapo kandulo basi. Dilowa iliyonse ankaiyesa ndi dzanja lamanzere lokha, lamanja atalibisa kumbuyo.

Mkazi wake ataona, anagwira pakamwa.

"Bambo a Esinati, zoona? Akuchimuna akadzatsegula adzati vanishi anatithera. Mukufuna atiseke?"

"Aseke," anatero mmisiriyo. "Vanishi m'mbalimo amamata. Mvula ikadzagwa, thabwa n'kufufuma, dilowa idzafuna manja awiri. Nanga mwana wathu ali nawo angati?"

Musaganize kuti mayiyo anamva. Manyazi, abale anga, ndi ogontha. Mwamuna wake atapita kumaliro kumudzi wina masiku awiri, iye anatenga bulashi n'kupaka madilowa onse, m'mbali ndi pansi pomwe, phaa!

Tsiku lomwe mmisiri anabwerako ndi lomwe akuchimuna anafika ndi ngolo kudzatenga katundu. Anawapeza atazungulira kabati, malume ake a mkwati atasolola dilowa ndi manja onse awiri, akuyamikira.

"Eee, koma ndiye ntchito! Mpaka kobisika komwe kukuwala!"

Ulemu ndi umenewo, waperekedwa kale. Mmisiriyo akanangoti zikomo, ngolo n'kunyamuka. Koma iye anakankhira dilowayo m'malo mwake, nabisa dzanja lamanja kumbuyo, nakoka ndi lamanzere. Dilowa inati gwa. Anakokanso, kabati yonse inamutsatira. Ndiye kunali kusanagwe ndi dontho lomwe la mvula.

Anayang'ana mkazi wake. Mayiyo anayang'ana pansi.

Mmisiriyo sanakalipe. Anatulutsa madilowa onse anayi, nawaika pabenchi pamaso pa alendo, nayamba kupala.

"Achimwene, kwagwanji?" anafunsa malume aja akuseka. "Anzanu amapaka, inu mukuchotsa? Kapena vanishiyo ngwobwereka?"

Anthu anaseka. Mkazi wake anasendera pafupi n'kunong'ona, "Chonde, mwandivula pagulu."

Mawu amenewo anamulasa, pakuti mkazi wakeyo ankamukonda, ndipo ankadziwa kuti zonsezi anachitira mwana yemweyo. Koma dzanja silinaime. Vanishi wosaumitsitsa amavuta, amamatirira kusandipepa ngati utomoni. Ng'ombe zinamasulidwa kukadya. Alendo anatopa ndi nthabwala, ena anayamba kuodzera pamkeka. Iye ali chipalire, thukuta kamukamu, mpaka dzuwa linafika paliwombo ndipo thabwa linayeranso mbuu.

Kenaka anatenga kandulo, nakwecha m'mbali monse, nabwezera madilowa.

"Esinati, bwera utsegule kabati yako."

Mtsikanayo anabwera mwamanyazi. Mmawa wonsewo dzanja lake lopsalo linali lobisa m'chitenje chifukwa cha alendo. Anaima, nayang'ana bambo ake. Ndiyeno anatulutsa dzanja lomwelo, nakola chogwirira ndi kachala kopindika.

Dilowa inabwera yokha, osalira n'komwe.

Palibe anasekanso. Mayi ake anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi mpango.

Tsono inu mwakhala apanu, musandiyang'ane ngati nkhaniyi ndi ya amisiri okha. Zingati zomwe mwapaka m'nyumba mwanu kuti alendo aone? Mlendo amatsegula dilowa kamodzi, n'kuyamikira, n'kukwera ngolo kumapita. Amene adzaitsegule mmawa uliwonse, mvula ili pakhomo, mwana ali kumsana, ndi wanu yemwe uja. Muzimuwerenga manja musanatenge bulashi. Ndipo ngati munapaka kale, musadikire kuti alendo achoke kaye. Palani akuona.