Njinga ya Lufeyo ndi dzina la mwana

Kalekale, msewu wa kwathu usanayambe kudutsa maminibasi, kunali mlimi wina dzina lake Lufeyo. Njinga yake sinkaidziwa sipanala ya makaniko. Chikamasuka ankamanga ndi waya, chikathyoka ankamanga ndi mphira. Inkalira ponseponse kupatula belu.

Tsiku lina m'mawa mkazi wake, Nagama, matenda a pakati anamuyamba. Azamba ataona kuti mwana wagona mopingasa anati, "Apa ine manja ndakweza. Thamangani naye kuchipatala, mukachedwa titaya onse awiri."

Lufeyo anakweza mkazi wake pakaliyala, ulendo. Ali pakati pa dambo, tayala lakumbuyo linaphulika. Analibe pampu, analibe chigamba, ndipo kunalibe nyumba pafupi. Wina akanangokhala pansi n'kulira. Iye anazula chubu, n'kumweta udzu, n'kuutsendera m'tayala mpaka linalimba. Anapalasa choncho, gwedegwede, mpaka pamsika.

Pofika pamsikapo limu inali itapindika, wilo losazunguliranso, chipatala chikadali kuseri kwa phiri. Pansi pa mtengo wa mango panali makaniko, Che Saidi, amene Lufeyo ankamunyoza kuti ntchito yake ndi ya aliyense. Che Saidi anayang'ana udzuwo, anayang'ana mayiyo, n'kukankhira pambali njinga imene ankakonza.

"Achimwene, za mawaya anuwa tidzakambirana tsiku lina. Gwirani apa."

Anawongola limu, n'kukunga masipoko limodzilimodzi mpaka wilo linayenda mowongoka. Koma atapisa m'bokosi mwake, chubu munalibe.

Pomwepo ankadutsa Nasiketi, mayi wogulitsa tomato, dengu lili pakaliyala ya njinga yake. Sankamudziwa Nagama ngakhale pang'ono. Anangomva kubuula kwake, n'kutsitsa dengu.

"Chotsani chubu cha njinga yangayi. Inenso ndinaberekapo, ululuwo ndikuudziwa."

Tomato wake anatsala padzuwa tsiku lonse, ndipo iye anabwerera kwawo wapansi akukankha njinga.

Atafika kuchipatala, anamwino anati akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi tikunena zina. Nagama anachira, mwana wamkazi.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, Nagama anawaitana onse atatu. Anagwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndilibe choti ndingakupatseni chofanana ndi moyo. Koma amene anatipulumutsa, ndiye amutche dzina mwanayu."

Kenako Lufeyo anati, "Popanda udzu wanga, tikanathera kudambo."

Che Saidi anaseka. "Udzu wanuwo ndi umene unapinda limu. Phiri lija mukanalikwera bwanji?"

Nasiketi ankangomusisita mwanayo kuphazi.

Ine ndikaiganiza nkhaniyi mtima umadzaza kuthokoza, koma kuweruza kumandikanika. Mwana akudikira, ndipo dzina limatchedwa ndi pakamwa pamodzi. Inu mukuti alitche ndani: mwamuna wa udzu, mmisiri wa masipoko, kapena mayi amene anapereka chubu chake?