Mfuko ndi Mzere wa Nachanza

Tulani kaye mitsukoyo, ana inu, mubwere mudzaone kamulu ka dothi aka pakati pa mzere. Dzulo sikanalipo. Mwini wake wadutsa pano, koma musavutike kumudikira, sangatuluke. Khalani pamthunzipa mumve chimene chinamulowetsa pansi.

Kalekale Mfuko anali munthu ngati ife. Anali mnyamata wa maso akuluakulu ndi manja olimba, wobadwira m'banja la osula makasu kumapiri. Ulesi sankaudziwa. Vuto lake linali limodzi basi: mtima wake sunkakhala pansi. Akakhala pampando mwendo unkangogwedera, akaika chimanga pamoto ankachitembenuza chisanamve n'kutentha komwe. Kwawo khalidweli silinkaoneka ngati chilema, poti wosula amasolola chitsulo pamoto kawirikawiri kuti aone ngati chafiira.

Tsono Mfuko anakwatira mtsikana wa kudambo, dzina lake Nachanza, n'kupita kukakhala kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini. Anthu a m'mudzimo anali alimi a madimba. Chisanu chikatha, mitengo ikayamba kuphukira masamba ofiira, aliyense ankatsikira kudambo ndi khasu paphewa. Ndipo mvula yoyamba isanagwe ankakhala ndi tsiku lawo, limene ankalitcha tsiku la madengu. Banja lililonse linkabwera pabwalo ndi dengu la zakudimba, anthu n'kumaona, kumayamikira, kumasekana, kenako n'kusinthana mbewu. Amene ankamuyang'anitsitsa kwambiri anali mkamwini watsopano. Dengu lake likapepuka, amalume a mkazi ankayamba kutsokomola, ndipo mphasa ya mnyamatayo sinkachedwa kupezeka panja. Mfuko ankamukonda Nachanza, ndipo nkhani ya mphasayi inkamusowetsa mtendere.

Mayi ake a Nachanza anali a Nangozo. Iwo anatumiza mtolo wa mbewu ya mbatata kudzera mwa mwana wawo, poti mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mfuko anaunga mizere yowongoka bwino, n'kubzala, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Kumapeto kwa dimba, pafupi ndi chitsime, Nachanza anabzala mzere wake umodzi. Anauza mwamuna wake kuti umenewo ndi wa iyeyo, asaukhudze ngakhale ndi chala.

Mbatata inagwira, masamba anayanga, dimba lonse linabiriwira. Koma taonani pamene panagona vuto. Mpiru wa anzake unkakula anthu akuona. Nyemba zinkaonetsa maluwa, maungu ankatupa poyera, mwini wake n'kumawasisita podutsa. Za Mfuko zokha ndizo zinali pansi pa dothi, kumene diso silifika. Ankazungulira dimba kuchokera uku mpaka uko, n'kubwerera, n'kuzunguliranso. Masamba ndiwo ankaoneka, nanga pabwalo munthu angapite ndi dengu la kholowa?

Tsiku lina anagwada, n'kupisa chala m'mbali mwa mzere. Anapeza timizu towonda ngati ulusi. Anakwirira msangamsanga. Mawa lake anati mwina phando limene lija linali lodwala, n'kufukula lina. Mkuja wake anabwerera kuloyamba kuti aone ngati lasintha. Umu ndi mmene zinayambira. Akathirira, ankafukula. Akapita kunyumba kukadya, ankangonyema kawiri n'kuthamangiranso kudambo, ngati kuti mbatata ikula iye akutafuna.

Nachanza anaona zikhadabo za mwamuna wake zitadzaza dothi ndipo anadziwa. Anamuuza mofatsa kuti mbatata si chitsulo, siikonda kuonedwa, ndipo muzu ukasokonezedwa sutupa. Anamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mfuko anavomera ndi pakamwa, mwendo ukugwedera. Mkaziyo ataona kuti sizikumveka anati apita kwa mayi ake akawafunse kuti mbewu imeneyi imatenga nthawi yaitali bwanji, kuti mtima wa mwamuna wake ukhale pansi.

“Ayi, usapite,” anatero Mfuko. “Akamva zimenezo adzati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wosula makasu koma wosadziwa ntchito ya khasu. Ndilumbira, sindifukulanso.”

Safunsa anadya phula, ana inu. Lumbiro lija analisunga tsiku limodzi ndi theka, ndipo kwa iye linali ngati chaka. Kenako maso ake anagwera pamzere wa Nachanza. Masamba ake anali obiriwira kuposa ena onse. Anaganiza kuti akangoona kamodzi kokha zimene zili pansi pamenepo, adzadziwa ngati vuto lili ndi mbewu kapena lili ndi iye. Koma akafukula pamwamba mkazi wake adzaona. Ndiye anakumba dzenje patali pang'ono, kuseri kwa chitsime, n'kuboolera cham'mbali mpaka kufika pansi pa mzerewo. Anapeza timbatata ngati zala. Anasangalala, anatigwiragwira, analuma kamodzi kuti amve ngati kayamba kutsekemera. Mawa lake anabweranso. Dzenje linkakula, linkatalika, pamwamba mzere uli chikhalire ngati sunakhudzidwe.

Tsiku la madengu linafika. Dzuwa litangotuluka anthu anali kale m'madimba, akuthyola, akukumba, akuitanizana. Mfuko anagwetsa mizere yake yonse, ndipo chimene anatola sichikanadzaza ngakhale chipande. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, n'kumaona kale mphasa yake ili panja.

Nachanza anamuseka pang'ono, kuseka kwachikondi. Anati ankadziwa kuti zidzatha chonchi, n'chifukwa chake anasunga mzere uja. Za mkazi n'za mwamuna, adzaze dengu apite nalo pabwalo, palibe adzafunse kuti anabzala ndani. Anatenga khasu n'kupita kuchitsime kuja akuimba. Mfuko anamutsatira pambuyo.

Khasu litangogunda, mzere wonse unatitimira. M'kati munali mphako yokhayokha, mizu italendewera, timbatata tofota, tina tolumidwa ndi mano a munthu. Nachanza anasiya kuimba. Sanakalipe. Anangoyang'ana mwamuna wake n'kufunsa motsitsa mawu, “Ngakhale wangawu, bambo?”

Mfuko akanakonda mkaziyo atamumenya ndi mpini. Manyazi amene anamugwira anali oti sangafotokozeke. Ndipo nthawi yomweyo anamva mapazi panjira yotsikira kudambo. Atacheuka anaona apongozi ake, a Nangozo, akubwera atasenza dengu. Mwambo unkafuna kuti apatuke. Koma apatukire kuti? Tchire lonse la m'mbali mwa dimba analilambula yekha ndi manja ake osakhazikika aja. Pobisala panatsala pamodzi pokha. Anadziponya m'dzenje lake lija, n'kuyamba kukumba chamtsogolo, dothi akulikankhira kumbuyo kuti litseke pakhomo.

A Nangozo anafika, anatula dengu, anayang'ana mizere yogwetsedwayo. Dengulo linali lodzaza mbatata zikuluzikulu. Anafulatira dzenjelo monga mwa ulemu, n'kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti mkamwini amve.

“Uwauze amuna akowo atenge dengu ili apite nalo pabwalo. Ndakhala ndikuwaona akufukula chiyambire. Atate ako chaka chawo choyamba anachita zomwezi, ndipo amayi anga anawasenzera dengu. Munthu wofukula ndiye kuti zikumukhudza. Waulesi ndi amene timathamangitsa.”

Nachanza anagwada pakhomo pa dzenje n'kuitana. Anachotsa dothi ndi manja, anaitananso, misozi ikugwera m'dzenjemo. Koma Mfuko anali atapita patali, makutu atadzaza dothi. Chimene ankamva chinali kugunda kwa mapazi pamwamba, ndipo anati ndi amalume abwera ndi mphasa. Anawonjeza kukumba. Akanangodikira kanthawi kochepa, kokwana kumwa madzi m'chikho, bwenzi atamva zonse. Koma kudikira ndiye chinthu chimene sanachiphunzire.

Anakumba mpaka thupi linachepa kuti likwane m'njira zake. Maso akuluakulu aja, posowa choona, anatsala timadontho. Nachanza anapita yekha pabwalo ndi dengu la mayi ake, ndipo chaka chilichonse mitengo ikaphukira ankabzala mzere umodzi pafupi ndi chitsime, osaukumba, kuti mwina mwamuna wake akadutsa apeze chakudya.

Ndi chifukwa chake lero mfuko amayenda pansi pa mizere, pamwamba masamba ali bwinobwino koma m'kati muli mphako. Amaluma mbatata iyi, n'kuisiya, n'kupita pa ina, akuyesabe ngati yakhwima. Kamulu aka ndi dothi limene amakankhira kumbuyo potseka pakhomo. Ndipo mukaponda pafupi amathawa, poganiza kuti ndi apongozi ake abwera kudzamuthamangitsa. Mpaka lero sanamve kuti dengu limene apongoziwo anasenza tsiku lija linali la iyeyo.

Tsono nyamulani mitsuko mukathirire. Ndipo iwe amene chala chako chili kale m'mzeremo, chichotse.