Khomo Lalifupi la pa Sildholm

Makolo a anthu a pa Sildholm, kachilumba ka miyala kumpoto kwa dziko la Norway, adafika pamenepo potsata nsomba, ndipo sadapezepo mtengo ndi umodzi womwe. Thabwa lililonse lidali lochita kutola pagombe likalavulidwa ndi mafunde, ndipo wolitola ankalisunga kudenga kuti lidzakhale bokosi la maliro ake. Tchalitchi cha Lutherani chidali kutsidya, motero khanda lililonse linkawoloka nyanja yozizira koopsa kuti likabatizidwe.

Ragnfrid, mwana wa Eilif, mdzukulu wa Sjur amene adayamba kukocheza pachilumbapo, adataya mwana wake wachisamba paulendo wotero: adanyamuka naye akuyamwa, koma pofika kutsidya n'kuti ataziziratu m'manja. Atatenganso pathupi, mayiyu adalumbira kuti wachiwiriyo sadzakwera bwato, komabe kumusiya wosabatizidwa nakonso kudamusowetsa tulo. Abusa atamva adati, "Mangani kachisi, wowoloka ndidzakhale ine."

Nanga n'kumanga ndi chiyani, poti aliyense adaumirira matabwa ake? Ragnfrid adayenda khomo ndi khomo, mimba ili patsogolo, anthu n'kumangoyang'ana pansi. Potsiriza adakagwada kwa bambo ake.

"Bambo, ndapempha konse. Kwatsala kwa inu."

Mkuluyo adatsitsa matabwa ake, nati, "Tenga, mwanawe. Ine mudzandikulunge m'thanga la bwato. Wakufa samva chisanu."

Ha! Manyazi adagwira mudzi wonse, mabanja n'kuyamba kutulutsa matabwa awo. Chidasowa ndi mtanda wautali wogwira denga. Akuluakulu amanenetsa kuti m'mawa wina, nyanja ili bata, namgumi adabwera akukankha chimtengo ndi mphuno mpaka pamchenga, n'kubwerera kwakuya.

Kachisi adamangidwa, ndipo mwanayo, Ingeleiv, atabadwa adapita kuubatizo amayi ake akuyenda pansi, iye ali wofunda bwino pachifuwa, ndipo adakalamba mpaka kuona zidzukulutudzi. Eilif adaikidwa m'thanga monga adanenera.

Kachisi wamatabwayo alipobe. Chitseko chake ndi matabwa a Eilif, amene adali atadulidwa kale molingana ndi msinkhu wake, ndipo mkuluyo, tisabise, adali wamfupi zedi. Mibadwo yakhala ikukonza denga ndi mawindo, koma khomo yakaniratu kulikweza. Mpaka lero aliyense wolowamo, kaya ndi msodzi kaya ndi bishopu, amayamba wawerama, ndipo eni mudzi amati zikomo wawo kwa Eilif ndi ameneyo.